Lero ndi tsiku lachingati? Za mavuto obwera pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya m'mimba

Odwala ambiri amene amatisiya atachitidwa opaleshoni yaikulu ya m'mimba samwalirira ku fiyeta. Kumeneko amatulukako bwinobwino, achibale n'kuthokoza Mulungu, adokotala n'kulemba m'fayilo kuti zonse zayenda. Imfa imakawapeza ku wodi pa tsiku lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi, pamene ena ayamba kale kufunsa za tsiku lotuluka. Kafukufuku wa African Surgical Outcomes Study, amene anatsogoleredwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town ndipo anasindikizidwa mu 2018, anatsata odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'maiko 25 a mu Africa. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu alionse anakumana ndi vuto opaleshoni itatha, ndipo mwa anthu 239 amene anamwalira, 225 anamwalira tsiku la opaleshonilo litadutsa kale. Ku America nako, Amir Ghaferi ndi anzake anaonetsa mu 2009 kuti zipatala zimene kumamwalira anthu ambiri ndi zimene kumamwalira ochepa sizisiyana kwenikweni pa kuchuluka kwa mavutowa. Zimasiyana pa kufulumira kuzindikira vuto ndi kuchitapo kanthu.

Tsono mawu akuti vuto, kapena complication monga timanenera m'wodi, akutanthauza chiyani kwenikweni? Sichilichonse choipa chimene wodwala akumva. Pierre-Alain Clavien, dokotala wa opaleshoni amene anayamba kulongosola nkhaniyi mu 1992, anasiyanitsa zinthu zitatu. Pali zimene opaleshoniyo imabweretsa mwachibadwa chake, monga chipsera, ululu wa masiku oyamba, kapena thumbo lotulutsidwa pamimba dala kuti munthu azichitira chimbudzi m'kathumba. Pali kulephera kuchiza, monga khansa imene yapezeka itafalikira kale. Ndiye pali vuto lenilenilo, limene ndi kupatuka kulikonse pa njira imene wodwala amayenera kuchiriramo. Mu 2004 Clavien, Daniel Dindo ndi Nicolas Demartines, ali ku Zurich, anakonza magawo asanu amene dziko lonse lapansi likugwiritsa ntchito lero. Gawo loyamba ndi vuto losalira zambiri: mankhwala oletsa kusanza, oziziritsa thupi, opha ululu, kukonza mchere wa m'magazi, kapena kumasula bala la mafinya wodwala ali pabedi pake. Gawo lachiwiri ndi limene lalira mankhwala ena monga maantibayotiki, kapena kuthira magazi. Lachitatu ndi limene lalira kulowererapo ndi mpeni, singano kapena kamera ya m'matumbo, ndipo amaligawa pawiri potengera ngati wodwala anagonetsedwa kapena ayi. Lachinayi ndi pamene chiwalo chimodzi kapena zingapo zasiya kugwira ntchito ndipo munthu akufunika ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Lachisanu ndi imfa.

Ubwino wa muyezo umenewu ndi woti sufunsa dokotala mmene akuonera kukula kwa vutolo. Umafunsa chimene chinachitidwa. Munthu atha kunena kuti linali "vuto laling'ono", koma ngati wodwala anabwerera ku fiyeta ndi kugonetsedwanso, fayilo ikunena yokha. Komabe kwathu kuno muyezowu uyenera kuwerengedwa mosamala. Kumene kulibe bedi la ICU, wodwala woyenera gawo lachinayi amalembedwa gawo lachiwiri chifukwa walandira dripi ndi maantibayotiki basi, kenako n'kudumphira gawo lachisanu. Kumene kulibe katswiri wopopa mafinya ndi singano pogwiritsa ntchito sikani, chithupsa cha m'kati chimene kwina sichikanafuna kugonetsa munthu chimalira kung'ambanso mimba. Ndipo chachikulu n'choti muyezowu umalembedwa nkhani itatha. Suthandiza namwino amene waima pa bedi 2 koloko ya usiku.

Chimene chimamuthandiza ndi kudziwa njira yabwino ya kuchira, ndi kudziwa kuti lero ndi tsiku lachingati chichokereni ku fiyeta. Masiku awiri oyamba thupi likhoza kutenthako, mtima n'kuthamangako pang'ono, chifukwa mpeni pawokha ndi kuvulaza ndipo thupi limayankha. Matumbo aang'ono amadzuka mkati mwa tsiku limodzi, chifu tsiku limodzi kapena awiri, thumbo lalikulu masiku awiri kapena atatu. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi munthu amayenera kukhala ataphwisa, akumwa phala lamadzimadzi, akuyenda mpaka pakhomo la wodi, ululu ukuchepa. Wochira bwino amaoneka bwino lero kuposa dzulo. Amene waima malo amodzi, kapena anali bwino dzulo lero wabwerera mmbuyo, ali ndi vuto kufikira mutatsimikiza kuti alibe.

Maola 24 oyamba mdani wamkulu ndi kutaya magazi m'kati. Apa pali misampha itatu imene imagwira ngakhale anthu odziwa ntchito. Woyamba ndi BP: mnyamata wamphamvu akhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake BP isanatsike, chifukwa misempha imafinyika n'kuisunga. Chimene chimayamba kulankhula ndi kugunda kwa mtima, manja ozizira, ludzu, kusakhazikika. Mtima ukamagunda kuposa nambala yapamwamba ya BP, monga 115 pamene BP ili 105, musadikire china. Wachiwiri ndi Hb, muyezo wa ku labu woonetsa ngati magazi achepa: munthu akangotaya magazi kumene Hb imaonekabe yabwino, imadzatsika pambuyo pake madzi akalowa m'misempha. Wachitatu ndi dreni, kapaipi kaja kosiyidwa m'mimba. Kathumba kake kopanda kanthu sikutanthauza kuti m'mimba mulibe kanthu, chifukwa magazi oundana amatseka kapaipiko, ndipo mimba ikhoza kusunga malita angapo isanaoneke kutupa.

Mkodzo ndi mboni imene sinama kawirikawiri. Malinga ndi tanthauzo la mu 2012 la KDIGO, bungwe la akatswiri a impso, impso zavulala ngati mkodzo uli wochepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse pa ola kwa maola 6, kapena creatinine, zinyalala za m'magazi zimene impso zimasefa, yakwera ndi 26.5 micromol pa lita mkati mwa maola 48, kapena yawonjezekera ndi theka la mlingo wake wakale mkati mwa sabata. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti mamililita 30 pa ola, 180 pa maola 6, kungopitirira pang'ono theka la botolo la Fanta. Yambani mwaona ngati kapaipi ka mkodzo kapindika kapena katsekeka, gwirani pansi pa mchombo ngati chikhodzodzo chadzaza. Ngati zonse zili bwino koma mkodzo kulibe, funso ndi loti madzi akupita kuti. Kubaya furosemide, mankhwala okodzetsa, kuti kathumba kadzaze n'kutseka pakamwa mboni.

Tifike pa chimene chimapha kwambiri: kudontha kwa pamene matumbo analumikizidwa kapena kusokedwa. M'zipatala za ku Malawi opaleshoni zambiri za m'mimba ndi zadzidzidzi: thumbo la sigmoid (chakumapeto kwa thumbo lalikulu) lopotokola mwa abambo achikulire, thumbo laling'ono lobooka ndi taifodi mwa ana ndi achinyamata, chilonda cha m'mimba chobooka, thumbo lopanika mu hernia. Matumbo otere amasokedwa ali otupa, m'mimba muli kale mafinya, mwa munthu wouma thupi amene wayenda masiku asanafike. Msoko wa thumbo umagwira ndi ulusi wokha masiku oyamba, ndipo pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu ndi pamene uli wofooka kwambiri, mnofu watsopano usanalimbe. N'chifukwa chake kudontha kumaonekera kawirikawiri pa tsiku lachisanu mpaka lachisanu ndi chiwiri, ngakhale kukhoza kufulumira kapena kuchedwa. Pa taifodi palinso china: msoko ukhoza kugwira bwinobwino koma thumbo n'kubooka pena, pamene panali patapyapyala kale.

Mabuku amafotokoza mimba yolimba ngati thabwa, thupi lotentha kwambiri, chimbudzi m'dreni. Zikafika pamenepo ndiye kuti tachedwa. Poyamba kudontha kumabisala m'zizindikiro zooneka ngati za chiwalo china. Taonani tchati chopachikidwa kumiyendo kwa bedi: tsiku lachiwiri mtima 96, lachitatu 88, lachinayi 102, lachisanu m'mawa 112. Nambala iliyonse payokha munthu atha kuipezera chifukwa, kuti ndi ululu, kuti wangochokera kubafa. Koma mukaziika pamzere, zikukwera. Kupuma kunali 18, tsopano 24. Munthu amene dzulo anamaliza kapu ya phala lero waikankhira kumbali. Agogo amene amacheza bwino usiku watha ayamba kuitana anthu a kumudzi ndi kuzula dripi. Mwa okalamba mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka, atrial fibrillation, ndipo aliyense n'kuthamangira mtimawo kuiwala mimba. Wodwala wa msoko wa thumbo akayamba vuto la mtima, la mapapo kapena la mutu pa masiku amenewa, yambani mwakayikira msokowo.

Pa zizindikiro zonse, kupuma ndiko kumayamba kusintha ndipo ndiko kumayezedwa mwaulesi. Tchati chimene chili ndi 20, 20, 20 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu chikuonetsa kuti palibe amene anawerenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: imani, yang'anani chifuwa, werengani mphindi yathunthu ndi wotchi, wodwala asakudziwa kuti mukuwerenga. Mu tanthauzo la mu 2016 la sepsis, pamene matenda a tizilombo ayamba kuononga ziwalo za thupi, anaikamo zizindikiro zitatu zoyezera pa bedi: kupuma ka 22 kapena kuposa pa mphindi, BP yapamwamba ya 100 kapena kutsika, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri mwa zitatuzi zikakumana, moyo uli pachiswe. Koma musazitenge ngati chipata choti wodwala adutse kaye musanamuganizire, chifukwa ambiri odontha msoko amayamba kudwala asanakwanitse ziwirizo. Kumbukiraninso kuti munthu wa HIV amene chitetezo chatsika kwambiri, wa shuga, wokalamba, kapena womwa prednisolone, mankhwala otsitsa chitetezo cha thupi, akhoza kuola m'mimba thupi lisakutentha, ndipo maselo oyera a m'magazi otsika kwambiri ndi oopsa mofanana ndi okwera.

Pali msampha wina umene ndi wathuwathu, ndipo uli m'chilankhulo momwe. Mawu oti malungo timawagwiritsa ntchito ponena kutentha thupi kulikonse komanso ponena matenda a udzudzu. Wodwala akatentha thupi tsiku lachisanu, gadiyani amati wayamba malungo, timayeza ka MRDT, kachipangizo koyezera malungo, katuluka mizere iwiri, tipereka LA kapena artesunate, mitima n'kukhala pansi. Koma kachipangizo kameneka kakhoza kuonetsabe mizere iwiri milungu ingapo munthu atachira kale malungo, ndipo m'madera a udzudzu wambiri akuluakulu ochuluka amayenda ndi tizilomboti m'magazi osadwala. Malungo enieni amachitika ndithu pambuyo pa opaleshoni, makamaka mwa wothiridwa magazi, ndipo ayenera kuchizidwa. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kulola mizere iwiriyo kutseka mafunso. Perekani mankhwala a malungo, kenako vundukulani bala, gwirani mimba, mverani chifuwa, yang'anani pamene pali kanyula ndi kapaipi ka mkodzo, finyani akatumba a miyendo.

Mimba yokana kudzuka, ileus, nayo ili ndi tanthauzo lake. Ofufuza a ku Auckland anapereka muyezo mu 2013 woti yapitirira nthawi ngati pa tsiku lachinayi kapena kupitirira apo pali ziwiri mwa izi: nseru kapena kusanza, kulephera kudya kwa maola 24, kusaphwisa kwa maola 24, kutupa mimba, kapena X-ray yoonetsa matumbo odzaza mpweya. Vuto la dzinali ndi loti limamveka ngati yankho pamene ndi funso. Matumbo sagona popanda chifukwa. Nthawi zina chifukwa chake n'chosavuta: mchere wa potaziyamu m'magazi watsika pansi pa 3.5 chifukwa cha kusanza ndi kapaipi ka m'mphuno, morphine kapena pethidine wachuluka, kapena madzi a dripi achuluka mpaka matumbo atupa. Koma nthawi zina matumbo agona chifukwa akusambira m'mafinya. Ndipo munthu amene anaphwisa, n'kudya, kenako n'kutsekanso ndi kupotokola kobwera mwa apo ndi apo, ameneyo ganizirani thumbo lopindika kapena lomatirira. Wosanza zobiriwira mimba ili ndendende amafunika kapaipi ka m'mphuno msanga, masanzi asanalowe m'mapapo.

Za bala n'zosavuta kuona, bola munthu avundukule. Malinga ndi CDC, bungwe la ku America lolimbana ndi matenda, bala limawerengedwa kuti lalowa tizilombo ngati zachitika mkati mwa masiku 30, ndipo pali la pakhungu, la mkati mwa minofu, ndi la m'kati mwa mimba mwenimweni. La pakhungu mankhwala ake enieni ndi kumasula ulusi pang'ono, mafinya atuluke, n'kumatsuka. Chimene ndikufuna aliyense achidziwe ndi madzi ofiirira pang'ono, ngati otsukira nyama, ochuluka, amene amanyowetsa bandeji ndi chitenje mwadzidzidzi pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mpaka lakhumi, mwina munthu atakhosomola n'kumva ngati china chaduka. Si mafinya amenewo. Ndi madzi a m'mimba, ndipo akusonyeza kuti msoko wa mkati wamasuka, khungu lokha ndi limene lagwira matumbo. Matumbo akatuluka, musawabwezere ndi manja m'wodi. Aphimbeni ndi nsalu yoyera ya kuchipatala yonyowetsedwa ndi saline, wodwala agone chagada mawondo atapinda, asadye kanthu, dripi ikhale ikuyenda, fiyeta ikonzedwe. Ndipo mimba ikatsegulidwa, dokotala afufuze chomwe chaphulitsa, chifukwa kawirikawiri pansi pake pamakhala mafinya kapena msoko wodontha. Bala lotulutsa madzi obiriwira kapena onunkha chimbudzi ndiye kuti thumbo lalumikizana ndi khungu.

Mafinya osonkhana m'kati amaonekera mochedwerapo, sabata yoyamba ikatha, ndi thupi lotentha madzulo n'kuzizira m'mawa, thukuta la usiku, kusafuna kudya. Akakhala m'munsi mwa chiuno munthu amatsegula m'mimba zamamina ndi kumangomva chimbudzi, ndipo chala cha dokotala kumbuyo chimapeza chotupa chowawa. N'zomvetsa chisoni munthu wotere akapatsidwa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Akakhala pansi pa nthiti, ululu umamveka paphewa ndipo madzi amasonkhana pansi pa phapo la mbali yomweyo. Mapapo pawokha amadwala chibayo mwa amene akuopa kukhosomola chifukwa cha ululu, ndipo befu wadzidzidzi ndi kubaya pachifuwa, kapena mwendo umodzi wotupa, ndi magazi oundana m'misempha. Bambo wozolowera kachasu akayamba kunjenjemera ndi kuona zinthu tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mwina ndi kusowa mowa, koma yambani mwayeza mpweya wa m'magazi ndi shuga.

Kumene kuli labu yabwino, CRP, muyezo wa m'magazi woonetsa kutupa kwa m'thupi, imathandiza, makamaka potsimikiza kuti zinthu zili bwino. Imakwera mwa aliyense n'kufika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako imayenera kutsika. Pa opaleshoni ya thumbo lalikulu, ikakhala pansi pa 150 kapena chapomwepo pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu ndipo ikutsika, kudontha n'kokayikitsa kwambiri. Ikamakwera tsiku lachinayi kapena lachisanu, fufuzani. Pa opaleshoni ya pancreas, chiwalo chotulutsa timadzi togaya chakudya, muyezo ndi amylase (ena mwa timadzito) ya madzi a m'dreni: ikaposa katatu mlingo wapamwamba wa m'magazi pa tsiku lachitatu kapena kupitirira, pali kudontha, ngakhale kuyambira 2016 kumawerengedwa ngati vuto lenileni pokhapokha ngati kwasintha chisamaliro cha wodwala. X-ray yoonetsa mpweya pansi pa nthiti siitanthauza zambiri masiku oyamba, chifukwa mpweya wolowa pa opaleshoni umatha kukhalamo sabata kapena kuposa. Umene ukuchuluka m'malo mochepa ndi umene uli ndi nkhani. Sikani ya pamimba imaona madzi osonkhana ndipo singano ikhoza kuonetsa ngati ndi magazi, mafinya kapena za m'matumbo, koma mpweya wa m'matumbo otupa umabisa zambiri. Sikani ya CT, yojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, ndiyo yabwino koposa, komabe nayo imaphonya, makamaka kudontha kukangoyamba. Wodwala amene akuipiraipira koma CT yati zili bwino, khulupirirani wodwalayo.

Apa ndi pamene pavuta kwambiri, ndipo vuto lake si la zipangizo. Dokotala kapena clinical officer amene anasoka thumbo lija ndi amene amavutika kwambiri kuvomereza kuti ladontha. Si kuipa mtima, ndi umunthu: anaona ndi maso ake msoko uli bwino. Ndiye amasintha maantibayotiki, kuchoka pa ceftriaxone kupita pa ena amphamvu, n'kunena kuti tione mawa. Koma palibe mankhwala amene amatseka bowo la thumbo, ndipo chimbudzi chikamathirikira m'mimba tsiku lililonse lodikira limachotsa mphamvu zimene wodwala akanapirira nazo opaleshoni yachiwiri. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mnzanu amene sanali ku fiyeta agwire mimbayo ndi maso atsopano. Kutsegulanso mimba n'kupeza zonse zili bwino kuli ndi zoopsa zake, sitikana, koma n'zochepa poyerekeza ndi kutsegula mochedwa ndi masiku awiri. Pa chipatala cha boma chaching'ono chimene sichingathe opaleshoni yachiwiriyo, nthawi yoimbira foni ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu ndi pamene kukayikira kwayamba, wodwala akadali ndi BP yoti apirire msewu.

M'wodi mmene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo usiku, gadiyani wogona pansi pa bedi ndi amene amaona wodwala ola lililonse. Mayi akati "Anesi, bambo wanga sali mmene analili dzulo," amenewo ndi mawu oyenera kulembedwa m'fayilo, ndipo munthu apite akaone. Gadiyani akhoza kuphunzitsidwa m'mphindi zisanu: kuika chizindikiro pa kathumba ka mkodzo m'mawa ndi madzulo, kusunga masanzi kuti aonedwe mtundu wake, kuitana msanga wodwala akayamba kupuma mofulumira, kulankhula zosamveka, kapena bandeji ikanyowa. Ngati pali thumbo lotulutsidwa pamimba, adziwe kuti liyenera kukhala lofiira ndi lonyowa ngati m'kamwa, ndipo likayamba kuda anene nthawi yomweyo. La thumbo laling'ono likamatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka patsiku, munthu amauma thupi ndipo impso zimavulala, ndiye amafunika thanzi ORS, chifukwa madzi wamba okha amangowonjezera kutayako.

Masiku 30 aja satha pa tsiku lotuluka. Mu buku la kuchipatala la wodwala mulembedwe momveka tsiku la opaleshoni, chimene chinapezeka, ndi ngati thumbo linalumikizidwa, kuti wa pa health centre amene adzamuone atatentha thupi tsiku lakhumi ndi chiwiri adziwe kuti pansi pa chipseracho pali msoko. Wodwala ndi gadiyani auzidwe m'Chichewa chomveka zinthu zoti abwerere nazo tsiku lomwelo osadikira deti: kutentha thupi, kusanza kosalekeza, mimba kutupa, ululu wokulirakulira, bala kutuluka madzi, befu, mwendo kutupa. Afunsidwenso ngati ali ndi ndalama ya thiransipoti yobwerera, ndipo ngati kwawo n'kutali kwambiri, kugona masiku awiri owonjezera m'wodi kapena kwa achibale apafupi kuganiziridwe asanasainidwe kutuluka.